Kilo Yosowa pa Thumba: M'mimba mwa Masikelo a ku Lundazi

Dzuwa la mu July silipweteka, koma fumbi la m'mbali mwa msewu wochokera ku Chipata kulowa pa Boma la Lundazi limafika mpaka kukhosi. Pansi pa mtengo wa mango ayalapo tenti yabuluu. Pambali pake pali mulu wa matumba ndi sikelo ya batire yomwe manambala ake ofiira akuphethira.

Ngolo ya ng'ombe yaima. Mayi wina watsika, wamanganso chitenje chake molimba, ndipo anyamata awiri ayamba kutsitsa matumba a soya.

Thumba loyamba lakwera pa sikelo. Manambala athamanga, abwerera, kenako aima pa 48.6.

Mayiyo akhala chete kaye. Dzulo lake anayeza thumba lomweli pa sikelo ya kalabu yawo ya alimi, ndipo linakwana makilogalamu 50. Wogula akugogoda galasi la sikelo ndi cholembera, kunena kuti makina sanama. Mayiyo akuti nawonso makina a ku kalabu sanama.

Onse awiri akuloza makina. Palibe mmodzi wa iwo amene anaonapo m'kati mwake.

Kumbuyo mzere ukukula, ng'ombe zikufuna madzi, ndipo kumudzi n'kutali. Thumba lagulidwa pa 48.6.

Thukuta lonse limadutsa pa sikelo

Lundazi ndi dera la alimi. Chimanga, mtedza, soya, mpendadzuwa, thonje ndi fodya ndizo zimalipira sukulu, kugula malata ndi kubweza ngongole ya fetereza. Mu 2018 bomali linagawidwa, Lumezi ndi Chasefu n'kukhala maboma paokha, koma njira za mbewu zimakumanabe pa Boma la Lundazi malole asananyamuke ulendo wa makilomita pafupifupi 180 wopita ku Chipata.

Ogula ndi ambiri. Pali Food Reserve Agency, yomwe alimi amangoti FRA, ndi madepoti ake. Pali makampani a thonje amene amabwereketsa mbewu ndi mankhwala n'kudzadula ngongole pogula. Pali COMACO, yomwe imagula mtedza, mpunga, soya ndi uchi n'kumazigulitsa pa dzina la It's Wild! Ndiye pali mavenda, amene amafika mpaka kumidzi komwe lole yaikulu siingafike.

Onsewa amalipira pa kilo.

Kale malonda ankayendera meda ndi ndowa, ndipo chinyengo chake chinkaoneka ndi maso: ndowa yomenyedwa kuti ikule mimba, meda yodzaza mpaka kusefukira. Kenako kunabwera sikelo yopachika pa nthambi, ya sipuling'i yomwe imatopa ikakalamba. Itafika sikelo ya manambala, alimi ambiri anapumira m'mwamba poganiza kuti mkangano watha.

Mkangano sunathe. Unangolowa m'kabokosi komwe mlimi sangathe kusuzumiramo.

Masamu ake ndi osavuta. Mu 2025 FRA inkagula thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa K340, kutanthauza K6.80 pa kilo. Sikelo ikamadya 2 peresenti yokha, thumba lililonse limataya kilo imodzi. Mlimi wogulitsa matumba 100 wataya K680, mtengo wa matumba awiri athunthu, popanda wina womulanda kapena kumuopseza.

Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Pa depoti imodzi pamadutsa matumba ambirimbiri nyengo imodzi yokha.

Kachitsulo kopindika ndi kachipangizo kowerenga

Kuseri kwa msika wa pa Boma kuli mabenchi a anyamata okonza mafoni, mawailesi ndi mainiveta a sola. Nyengo yogula mbewu ikayandikira, pa mabenchiwa pamafikanso masikelo. Wina batire lake silikusunga moto, wina mbewa zadya mawaya, wina manambala akungovina.

Mmisiri akatsegula sikelo yotere, zomwe zili m'katimo ndi zochepa modabwitsa.

Choyamba ndi kachitsulo kolimba kotchedwa load cell, komwe kamanyamula katundu yense. Thumba likakwera, kachitsuloka kamapindika pang'ono kwambiri moti diso silingaone. Pa kachitsuloka amamatapo timizere ta waya topyapyala, kawirikawiri tinayi. Kachitsulo kakapindika, tiwiri timatamuka, tiwiri timafinyika, ndipo magetsi odutsamo amasintha.

Kusinthako n'kochepa zedi. Ma load cell ambiri akapatsidwa mavolt 5, amatulutsa mamillivolt pafupifupi 10 okha ngakhale atasenza katundu wokwanira mphamvu yawo yonse. Batire la tochi limatulutsa magetsi oposa pamenepo ka 150.

Chachiwiri ndi kachipangizo kotchedwa ADC. Ntchito yake ndi kutenga magetsi ofookawo, omwe amakwera ndi kutsika mosadukiza, n'kuwasandutsa nambala. Kamodzi kodziwika kwambiri kwa amisiri ndi ophunzira ndi HX711, komwe kamayamba kakulitsa magetsiwo mpaka ka 128 kenako n'kuwagawa m'magawo oposa 16 miliyoni.

Chachitatu ndi microcontroller, kakompyuta kakang'ono kosakwana chikhadabo, komwe kamalandira nambala ija, kuichitira masamu ndi kuionetsa pa galasi.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. ADC sidziwa kilo. Ili ngati munthu amene wapatsidwa ntchito yowerenga mameda koma sanauzidwe kukula kwa meda. Angawerenge mosalakwitsa ngakhale kamodzi, koma kuti anene kulemera kwa mulu wonse, wina ayenera kumuuza kuti meda imodzi ndi makilogalamu angati.

Kumuuza kumeneko ndi ntchito yowongola sikelo, imene amisiri amati calibration.

Manambala awiri amene amalamulira zonse

Ntchitoyi imayamba sikelo ilibe kanthu. Ngakhale pamenepo ADC sipereka ziro, chifukwa mbale ya sikelo ili ndi kulemera kwake ndipo timawaya tinayi tija sitifanana ndendende. Tiyerekeze kuti yapereka 8,000. Microcontroller imasunga nambalayi ngati poyambira.

Kenako mmisiri amaikapo mwala woyezera wodziwika kulemera kwake, tinene wa makilogalamu 20. ADC yapereka 408,000. Kuchotsapo 8,000 kwatsala 400,000, ndipo kugawa ndi 20 kukupereka 20,000. Tsopano sikelo yadziwa kuti magawo 20,000 aliwonse ndi kilo imodzi.

Thumba likakwera n'kupereka 1,008,000, kakompyuta kamachotsa 8,000, kugawa ndi 20,000, n'kulemba 50.0.

Manambala awiriwo, poyambira ndi chogawira, amasungidwa m'chikumbumtima cha microcontroller chomwe sichifufutika sikelo ikazimitsidwa. Chilungamo chonse cha sikeloyo chimadalira iwowo.

Poyambira pakasokonekera, thumba lililonse, laling'ono kapena lalikulu, limataya kulemera kofanana. Cholakwika chimenechi chimagwidwa msanga, chifukwa sikelo yopanda kanthu siibwerera pa ziro.

Chogawira chikasokonekera, nkhani imakhala ina. Sikelo imayamba bwinobwino pa 0.0. Paketi ya shuga ya kilo imodzi imaoneka ngati yakwana. Koma katundu akamakula, cholakwika chimakulanso. Chogawira chija chikakhala 20,400 m'malo mwa 20,000, thumba la makilogalamu 50 limaoneka 49.0.

Ziro wabwino si umboni wa sikelo yabwino.

N'chifukwa chake mmisiri wosamala sayesa ndi mwala umodzi. Amayesa ndi wopepuka, wapakati, ndi wolemera kuyandikira matumba amene sikeloyo idzanyamule. Amaika mwala pakati pa mbale, kenako pa ngodya zonse zinayi. Amauchotsa n'kuona ngati ziro wabwerera. Sikelo yoti izinyamula matumba a 50 siingatsimikizidwe ndi paketi ya mchere.

Vuto la pa mabenchi ambiri ndi loti miyala yoyezera yeniyeni palibe. Ndi yodula, ndi yolemera kunyamula, ndipo siigulitsidwa m'magolosale. Mmisiri amagwiritsa ntchito chomwe chili pafupi: chigubu cha madzi, thumba la simenti, kapena thupi lake lomwe. N'zoona kuti lita imodzi ya madzi imalemera pafupifupi kilo imodzi, koma chigubu cholembedwa malita 20 chimalowa madzi oposa pamenepo ukachidzaza mpaka kukamwa, ndipo nachonso chili ndi kulemera kwake.

Cholakwika cha chigubucho chimalowa m'sikelo n'kukhalamo nyengo yonse.

Si sikelo yonama iliyonse ili ndi wakuba kumbuyo

Ogula achinyengo alipo, ndipo alimi amawadziwa. Njira yomwe mmisiri amadutsa powongola sikelo ndi yomweyo imene wakuba amadutsa poikhotetsa. Koma sikelo imathanso kusochera yokha mwini wake ali wolungama.

Kutentha ndi mdani woyamba. M'mawa wa mu June ku Lundazi kumazizira mpaka zala kuuma, pomwe masana a mu October chitsulo chosiyidwa padzuwa sichigwirika. Load cell ndi ADC zonse zimasintha khalidwe zikatentha. Masikelo abwino amapangidwa kuti azidzikonza okha, koma otsika mtengo amangotsatira nyengo.

Wachiwiri ndi nkhanza zomwe sikelo imakumana nazo. Thumba loponyedwa kuchokera paphewa limamenya kachitsulo ndi mphamvu yoposa kulemera kwake. Sikelo yomangidwa kumbuyo kwa njinga yamoto m'misewu yokumbika ya kumidzi imafika itagwedezeka mokwanira. Kachitsulo kakapindika mopyola malire sikabwereranso mwakale.

Wachitatu ndi malo. Sikelo yopendekeka, kapena yoti phazi limodzi lili pa mchenga, siingapereke nambala yoona. Njere ya chimanga yopanikizika pansi pa mbale imanyamula gawo la katundu m'malo mwa load cell.

Pali chinanso chomwe ambiri sachiganizira. Sikelo ya manambala imayeza mphamvu imene dziko limakokera katundu pansi, ndipo mphamvuyi siifanana paliponse. Imachepa kufupi ndi equator komanso kumalo okwera. Lundazi ali pa madigiri pafupifupi 12 kumwera kwa equator, pamtunda wa mamita oposa 1,000. Sikelo yowongoledwa pakati pa Ulaya n'kubweretsedwa kuno osaikhudza ingaonetse thumba la 50 litaperewera magalamu pafupifupi 150.

Sikelo iyenera kuwongoledwa kudera komwe ikukagwira ntchito.

Batire likanama, zonse zanama

ADC iliyonse imayeza poyerekeza ndi magetsi ena amene imawatenga ngati muyezo wake. Muyezowo ukasuntha, nambala iliyonse imasuntha nawo.

Achinyamata amene akuphunzira kupanga zipangizo ndi timabolodi ta Arduino amakumana ndi zimenezi tsiku loyamba. Arduino Uno ili ndi ADC ya magawo 1,024, kuyambira 0 mpaka 1,023, ndipo mwachizolowezi imatenga magetsi oiyendetsa ngati muyezo. Pulogalamu imakhulupirira kuti magetsiwo ndi mavolt 5. Koma tchaja ya foni yotsika mtengo ingapereke 4.75. Zikatero, waya wokhala ndi mavolt 2.5 umawerengedwa 538 m'malo mwa 512, ndipo pulogalamu imalengeza mavolt 2.63.

Kusiyana kwa 5 peresenti kumeneku kumaoneka kochepa mpaka utakuika pa batire la sola la mavolt 12. Batire lomwe latsika kufika pa 12.0, loti mphamvu yake yatha theka kapena kuposa, lidzaoneka ngati lili pa 12.6, pafupifupi lodzaza. Mwini wake apitiriza kulikama usiku uliwonse mpaka life lisanakwane zaka zake. Kudera komwe midzi yambiri imadalira sola, ndiponso pambuyo pa kuzimazima kwa magetsi kwa 2024 pomwe madzi a ku Kariba anatsika ndi chilala, batire si chinthu chotaya mwachisawawa.

Arduino Uno ili ndi muyezo wina wa m'kati wa mavolt 1.1 womwe sutsatira tchaja, koma opanga ake amanena okha kuti ungakhale paliponse pakati pa 1.0 ndi 1.2. Kabolodi ka ESP32, kokondedwa chifukwa kamalumikizika pa intaneti, kali ndi magawo 4,096, koma muyezo wake umasiyananso kabolodi ndi kabolodi, ndipo kamawerenga mokhota kumayambiriro ndi kumapeto kwa mulingo wake. Kampani ya Espressif, yomwe imapanga ESP32, imalemba manambala owongolera m'kati mwa tizipangizo take ku fakitale, koma pulogalamu ikapanda kuwagwiritsa ntchito amangokhala.

Mankhwala ake ndi omwe aja a sikelo. Yeza ndi mita yodalirika pa malo awiri, otsika ndi okwera. Werengera poyambira ndi chogawira cha kabolodi kameneko, osakopera za kabolodi kena. Tenga mawerengedwe ambiri n'kupeza apakati pake kuti manambala asiye kuvina.

Koma kutenga apakati kumangoletsa kuvinako. Nambala yolakwika ikhoza kuima njii, osagwedezeka, ili yolakwikabe.

Wopanga choyezera kutentha ayeneranso kudziwa dera lake. Madzi osakaniza ndi ayezi wosungunuka amakhala pa madigiri 0 kulikonse. Koma madzi owira ku Lundazi safika pa 100. Chifukwa cha kukwera kwa malo, amawira pa madigiri pafupifupi 96. Wowongola chipangizo chake poganiza kuti poto wowira ndi 100 wachiphunzitsa bodza. Ngati chipangizocho chikukayang'anira furiji ya katemera, yomwe iyenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8, bodzalo lingafike pa mkono wa mwana.

Chinyezi: nambala yachiwiri ya pa depoti

Mlimi wa chimanga amadikira manambala awiri. Kulemera ndi koyamba. Chinyezi ndi chachiwiri.

FRA imafuna chimanga chouma kufika pa 12.5 peresenti, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Chimanga chonyowa chimachita chuku m'nkhokwe, ndipo chuku china chimabala poizoni wa aflatoxin yemwe amawononga chiwindi. Komanso madzi amalemera. Thumba la makilogalamu 50 lokhala ndi chinyezi cha 15 peresenti likauma kufika pa 12.5 limatsala ndi makilogalamu 48.6. Wogula amene walipira 50 wagula madzi oposa kilo imodzi.

Muyezo woona umateteza mbali zonse ziwiri.

Kamakina koyezera chinyezi nako kali ndi ADC ndi microcontroller. Mbewu imathiridwa m'kachikho, ndipo makinawo amayeza mmene mbewuyo ikusungira kapena kudutsitsira magetsi, popeza madzi amachita zimenezi mosiyana kwambiri ndi njere youma. Nambala imene yatuluka imasandutsidwa peresenti potsatira tebulo losungidwa m'katimo. Tebulolo linapangidwa poyerekeza ndi njira ya mu labotale: kuyeza mbewu, kuiumitsa mu uvuni, n'kuiyezanso.

Mbewu iliyonse ili ndi tebulo lake. Kuyeza soya makina ali pa tebulo la chimanga kumapereka nambala yopanda tanthauzo. Chimanga chotentha chochokera padzuwa chimawerengedwa mosiyana ndi chomwe chazizira pamthunzi.

Kamakinaka kakakweza nambala ndi peresenti imodzi yokha, mlimi wa chimanga chouma bwino amabwezedwa. Alipirenso ngolo, kapena agone pa depoti akuyanika, kapena agulitse motchipa kwa venda amene akudikira panja pa mpanda.

Alimi ali ndi njira zawo. Ena amaluma njere n'kumvera kulira kwake. Ena amathira njere ndi mchere wouma m'botolo lagalasi n'kukhutchumula, ndipo mchere ukamamatira m'mbali amadziwa kuti mbewu sinaume. Njirazi sizipereka nambala, koma zimamuuza mlimi nthawi yoti apemphe kuti ayezenso.

Lamulo lilipo, mtunda ndi wautali

Zambia ili ndi bungwe loona za miyezo. Lamulo la Metrology Act la 2017 linakhazikitsa Zambia Metrology Agency, ZMA, pophatikiza bungwe lakale la Zambia Weights and Measures Agency ndi nthambi ya miyezo ya Zambia Bureau of Standards. Sikelo iliyonse yochitira malonda iyenera kuyesedwa ndi bungweli n'kupatsidwa chizindikiro. Chidindo chimene amamanga pa sikelo chimatseka khomo lolowera kumanambala awiri aja.

Kutsidya kwa chipata cha Lusuntha, ku Mzimba, ntchito yomweyi ili m'manja mwa Malawi Bureau of Standards. Ndalama za mayiko awiriwa n'zosiyana ngakhale zonse ndi kwacha, koma kilo ndi imodzi.

Umodzi umenewu uli ndi mbiri yake. Mayiko anasaina pangano la miyezo ku Paris pa 20 May 1875. Kuyambira 1889, kilo ya dziko lonse inali kachitsulo ka platinum ndi iridium kosungidwa ku Sèvres, ku France. Pa 20 May 2019 kachitsuloko kanapuma ntchito, ndipo kilo inayamba kutanthauziridwa ndi nambala yosasintha ya chilengedwe yotchedwa ndi dzina la Max Planck. Kuchokera kumeneko, mwala uliwonse woyezera umayerekezedwa ndi wina wodalirika kuuposa, kutsika mpaka kufika pa mwala umene woyendera masikelo amanyamula m'galimoto.

Unyolo umenewu ndi wolimba kumtunda. Umaduka pa makilomita omaliza, pansi pa mitengo ya kumidzi, komwe sikelo imafika m'mawa pa njinga yamoto n'kuchoka madzulo.

Zomwe zingatheke nyengo ikubwerayi

Mlimi ali ndi ufulu woona chizindikiro cha ZMA pa sikelo asanatsitse thumba, ndi kuona ngati chidindo sichinadulidwe. Ali ndi ufulu woona 0.0 thumba lisanakwere ndiponso litatsika. Thumba limodzi likayezedwa katatu, pakati ndi m'mbali mwa mbale, nambala iyenera kukhala yomweyo.

Makalabu ndi makoparetivu angachite choposa apa. Gulu lililonse lingasunge chitsulo chimodzi cholemera, choyezedwa pa sikelo yotsimikizidwa, cholembedwa kulemera kwake ndi penti. Chitsulocho chizikwera pa sikelo ya wogula aliyense thumba loyamba lisanakwere. Sichilowa m'malo mwa woyendera wa boma, koma chimagwira sikelo yodya kilo yathunthu pamaso pa anthu onse. Wogula wolungama sangachikane, chifukwa chimamuyeretsa iyenso.

Mafumu ndi makhansala, omwe amaloleza malo ogulira mbewu m'madera awo, angaike lamulo loti sikelo yopanda chizindikiro isatsitsidwe n'komwe.

Anyamata a pa mabenchi aja ndi chuma chomwe boma la Lundazi lili nacho kale. Amadziwa kuwotcherera waya ndi kusintha load cell. Chomwe akusowa ndi miyala yoyezera yovomerezeka, maphunziro afupi a kawongoledwe, ndi njira yoti sikelo yokonzedwa iziyesedwanso ndi ZMA isanabwerere kumsika. Miyala yokwanira benchi imodzi ingatumikire masikelo ambiri kwa zaka zambiri.

Dziko limawerenga zokolola zake m'matani, kukonza bajeti ya fetereza m'matani, ndi kulonjeza alimi mitengo pa kilo. Malonjezo onsewa ali ndi phindu pokhapokha kilo ya ku Lusaka ikhale yofanana ndi kilo ya kwa Mwase, kwa Mphamba ndi kwa Kapichila. Nthawi yoyesa masikelo ndi April ndi May, mbewu zisanachoke m'minda, chifukwa thumba likakwera lole kilo yotayikayo siibwezedwanso.